Mlandu wa Madzi Osamva

Nkhaniyi ndinaimva kwa a Chikadza, mkulu wokonza maambulera amene ndinamupeza pakhonde la golosale pa Balaka, tsiku limene basi yathu inaphulika tayala ndipo zinzake zonse zinkatidutsa zitadzaza. Ine miyendo iyi yaponda misika yambiri, ndipo ndikapeza munthu wodziwa kukamba ndimayamba ndatula chikwama. Mkuluyo anati kwawo ndi ku Pamthunzi, ufumu umene suoneka pa mapu chifukwa ojambula mapu atabwera, unakana kutuluka panja.

Ku Pamthunzi kunali lamulo limodzi lobala malamulo ena onse: chinthu cha mfumu sichiwombedwa ndi dzuwa. Mfumu yakeyo, Sawombedwa Wachinayi, chibadwire inali isanaonepo chithunzithunzi chake. Ng'ombe zake zinkadya msipu anthu atazigwirira maambulera. Munda wake wa chimanga anaufolera ndi malata, ndiye chimanga chinkatuluka chachikasu, chowonda ngati tsekera, wailesi n'kumalengeza kuti ndi mbewu yamakono. Dzuwa linali la anthu wamba ndi olakwa. Munthu akapalamula sankamutsekera m'ndende, poti m'ndende muli mthunzi. Ankamuvula chipewa n'kumuimika pathanthwe pakati pa msika wa Tingopenya, kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka. Chilangochi ankachitcha kuyanika.

Pakati pa mzinda pankadutsa mtsinje wa Siunena. Kumtunda kwake kunali fakitale ya mfumu, yodinda zitenje za nkhope ya mfumu, ndipo madzi onse otsala ku utoto inkawatayira m'ngalande yolowera mumtsinjemo. Cha kumunsi pang'ono kunali dera la Kwamiphika, kumene mabanja makumi anayi ankanyika nsalu m'miphika yawo monga ankachitira makolo awo. Iwonso ankatayira m'ngalande yomweyo, koma awo anali ngati malovu m'chigumula.

Anthu anazolowera. Fakitale inkasintha mtundu tsiku ndi tsiku, choncho kalendala inasiya kugulidwa.

"Kodi lero n'lachingati, achimwene?" wogulitsa tomato ankafunsa.

"Dikirani ndisuzumire pamlatho. Wobiriwira. Ndiye kuti Lachitatu."

Mbuzi za mumzindamo zinali ndi ndevu zabuluu. Abakha ankapita kumtsinje ali oyera n'kubwerako eni ake osawazindikira, ndipo milandu ya abakha inachuluka.

Vuto linabwera ndi Tsiku Loyera. Chaka chilichonse mfumu inkatsikira pamlatho pansi pa ambulera yake ya anthu khumi ndi awiri, n'kuviika mpango woyera mumtsinje, n'kuukweza kuti anthu aone mmene mtima wake uliri. Zaka zapitazo ankatseka fakitale mwezi wathunthu mwambowu usanafike. Chaka chimenechi sakanatha, chifukwa mfumu inali itanenepa masaya ndipo zitenje zonse za m'dziko zinayenera kudindidwanso. Nduna ya Mithunzi ndi Maambulera, a Gwadani, itapita kukayeserera mwambowo, mpango unatuluka wonga biringanya.

Nduna zinakhala pansi masiku awiri. Ina inati akulunge mpangowo m'pulasitiki. Ina inati boma lingolengeza kuti mtundu wa biringanya ndiwo woyera kuyambira lero. Kenaka mfumu inafunsa funso limene aliyense ankaliopa.

"Akudetsa mtsinje wanga ndani?"

Kunja fakitale inkamveka kulira, gu gu gu. A Gwadani anagwada bwinobwino.

"Mthunzi wa Dziko, chinthu chanu sichingadetse kanthu. Ndi a Kwamiphika."

Madzulo ake lamulo linamatidwa pamtengo wa mumsika. Kwatsala masiku makumi awiri ndi limodzi. Mpango ukadzatuluka ndi banga ngakhale limodzi, miphika ya Kwamiphika idzaswedwa, nyumba zawo zidzagwetsedwa, ndipo eni ake adzaperekezedwa kuseri kwa mapiri.

Pakati pa anthu owerenga lamulolo panali Ndaziona, mwana wa a Nachanza, mayi amene manja awo anali abuluu mpaka m'zigongono chifukwa cha zaka makumi atatu za m'miphika. Ndaziona anali ataphunzira sayansi ya mankhwala kutsidya kwa nyanja. Atabwera ndi mapepala ake, maofesi onse anamuuza kuti adikire, ndiye ankadikira akutakasa miphika ya amayi ake. Kuseri kwa nyumba anali ndi kachisakasa kodzaza mabotolo, kumene ankayesa ufa wina woyera, wachibale ndi uja amathira mu penti yoyera, koma wopera modabwitsa. Kanjere kake kamodzi, mutang'amba tsitsi lanu kukhala tizingwe chikwi, kakanachepabe. Ophunzira amati nano. A Nachanza ankati fumbi la Ndaziona.

"Amayi, ndikupita kunyumba ya mfumu."

"Ndi fumbi lakolo? Uvale chipewa. Mwina ndi komaliza."

Anatenga mabotolo awiri a madzi a m'ngalande, onse othiridwa ufa uja. Limodzi linali litakhala padenga kuyambira m'mawa, lina linali m'dengu lovundikira. La m'dengu linali biringanya yemweyo. La padenga linali mbee, ufa utadikha pansi.

Ku Pamthunzi munthu wamba salankhula ndi mfumu mwachindunji. Amauza nduna, nduna n'kupereka mawuwo atasambitsidwa. Ndaziona anagwada chapatali, nafotokozera a Gwadani pang'onopang'ono ngati akuphunzitsa mwana kuwerenga.

"Ufawu pawokha ndi waulesi, bwana. Ukakhala pamdima umangogona. Koma dzuwa likauwomba umadzuka, n'kuyamba kuphwanya utoto mpaka osatsala mtundu. Ufawo sutha ayi. Umadikha pansi, mawa n'kugwiranso ntchito. Chachikulu ndi dzuwa. Popanda dzuwa palibe chimene chichitike."

A Gwadani anatuluka thukuta. Dzina la dzuwa silitchulidwa pamaso pa mfumu. Anatembenuka, nakweza botolo loyera lija.

"Mthunzi wa Dziko, mtsikanayu akuti ufa wake ukangomva dzina lanu umadzuka n'kuyeretsa madzi."

"Sindinatero," Ndaziona ananong'ona.

"Mwatero, mayi. Gwadani bwino."

Mfumu inakondwa, nilamula kuti apatsidwe malo. Pamene ngalande ya fakitale ndi ya Kwamiphika zimakumana, isanafike kumtsinje, anthu a Kwamiphika anakumba maiwe atatu otakasuka, osaya, madzi ake olekeza m'mawondo kuti dzuwa lizifika pansi. Amuna ankakumba, amayi ankasenza dothi, a Nachanza ankatukwana aliyense wopumira pa khasu. Madzi ankalowa m'dziwe loyamba ali bii, anyamata ndi atsikana n'kumawavundula ndi mikombero ya nsungwi kuti ufa usagone. Pofika dziwe lachitatu unkatha kuona chala chako chakuphazi. Ndaziona ankayenda m'mbali ndi mabotolo ake, nkhope itapsa ndi dzuwa, akuseka yekha.

Patatha sabata, mumsika munabuka chisokonezo.

"Lero n'lachingati?"

"Kaya. Mtsinje sukunena kanthu."

"Ndiye tidziwa bwanji tsiku lopita kutchalitchi?"

Mbiri inafika kunyumba ya mfumu. Mfumu inasangalala kwambiri kotero kuti inapatsa maiwewo ulemu waukulu umene chinthu chingalandire ku Pamthunzi. Inawatenga kukhala ake. Anawatcha Maiwe Achifumu a Sawombedwa, ndipo wailesi inanena kuti nzeruyo inabwera kwa mfumu kutulo.

Ndaziona atamva, anakumbukira kuti chinthu cha mfumu sichiwombedwa ndi dzuwa. Anathamangira kumaiwe, napeza amisiri akuzika kale nsanamira. M'dziko limene mlatho wa Siunena unatenga zaka khumi ndi zinayi, denga limenelo linatha masiku awiri. Linali denga lokongola, la malata atsopano, lotchinga mbali zonse kuti ngakhale kadzuwa ka m'mawa kasalowe mozemba. A Gwadani anadula riboni, gulu la malipenga linaimba, ndipo pansi pa dengalo ufa wa Ndaziona unagona tulo tofa nato.

M'mawa mwake wogulitsa tomato anasuzumira pamlatho.

"Aa, zikomo. Wofiira. Lolemba labwerera."

Kunali kutatsala masiku asanu ndi limodzi. Ndaziona anadikira a Gwadani pakhomo la ofesi yawo mpaka anatuluka.

"Bwana, dengalo lichoke. Ngakhale theka lokha."

"Mukuti chiyani, mayi? Tivule katundu wa mfumu chipewa? Pagulu?"

"Ndinakuuzani kuti popanda dzuwa..."

"Musatchule! Mukufuna ana anga adye chiyani? Onjezani ufa."

"Ngakhale nditathira thumba lonse, bwana, ufa wogona ndi wogona."

"Ndiye udzutseni. Munapita kusukulu ndinu."

Anakwera galimoto yawo, wowagwirira ambulera akuthamanga pambali. Koma Ndaziona anaona kuti ndunayo ili ndi mantha. Denga analamula ndi iwo, riboni anadula ndi iwo, ndipo mfumu ikakwiya siyang'ana kutali.

Tsiku lotsatira asilikali anafika Kwamiphika ndi ndowa ya laimu, nayamba kulemba mtanda pachitseko chilichonse. A Nachanza anawauza kuti alembe mowongoka, poti chitsekocho n'cha malemu amuna awo. Kenaka anayamba kukulunga miphika m'masaka. Mphika waukulu, umene agogo ake a Ndaziona anaumba, sunkalowa m'saka lililonse. A Nachanza anaukhalira pafupi, Ndaziona akuwayang'ana kuchokera pakhomo la kachisakasa kake.

"Tiye kumsika tikagule chingwe," anatero mayiwo. "Kuseri kwa mapiri sitikanyamula m'manja."

Mumsika anapeza anthu atazungulira thanthwe. Pamwamba pake panaima a Chimtengo, telala wa pafupi ndi chigayo, mutu uli pamtunda, dazi likuwala ngati mbale yotsukidwa. Mlandu wawo unali wakuti posoka kabudula wa chitenje cha mfumu, nkhope ya mfumu inagwera kumbuyo, pokhalira.

"A Chimtengo, mwapsa mbali imodzi, tembenukani!" anafuula wogulitsa makala.

"Ndikatsika pano ndidzakusokera wako, nkhope ziwiri," anayankha telalayo.

A Nachanza anapukusa mutu. "Taona, mwana wanga. Iwe ukulira dzuwa usiku ndi usana, mnzako akulipatsidwa laulere, msilikali n'kumamulondera kuti mtambo usamubere. Dziko lino dzuwa amapatsa olakwa. Maiwe akowo vuto lawo ndi ulemu. Akanakhala akuba bwenzi ali pabwino."

Ndaziona anaima chilili pakati pa njira, mpaka munthu wa njinga anamuimbira belu.

"Amayi, chingwecho musagule."

"Iwe, ukupita kuti?"

"Kukasuma."

A Gwadani atamva zimene anabwera nazo, anayamba aseka, kenaka analeka. Ndaziona anawayalira nkhaniyo mofatsa. Mfumu inalamula kuti madzi ayere. Ufa ndi womwe uja, unamvera sabata yathunthu. Denga ndi langwiro, palibe angalinene. Ndiye watsala ndani? Madzi. Madziwo atangolandira ulemu wa mfumu anayamba mwano. Anapatsidwa mthunzi, iwo n'kubweza chipongwe.

"Ndiye kuti wolakwa si ine," anatero a Gwadani pang'onopang'ono.

"Inu mungalakwe bwanji, bwana?"

"Komanso si inu."

"Ine ndine mboni chabe."

Mlandu unazengedwa m'mawa mwake, m'bwalo lalikulu, mfumu ili pampando. Asilikali awiri analowa atanyamula ndowa ya madzi a m'dziwe loyamba, naiika m'kabokosi ka oimbidwa mlandu. Anthu anadzaza mpaka m'mawindo. Woweruza, nkhalamba imene inali itayanika anthu kwa zaka makumi awiri, anavala magalasi n'kuyang'anitsitsa ndowayo.

"Iwe madzi a m'Maiwe Achifumu, ukuimbidwa mlandu wonyoza lamulo la mfumu, wovala mtundu wosaloledwa, ndi wochititsa manyazi nduna. Ukuvomera kapena ukukana?"

Madzi anangoti duu.

"Ndikufunsanso kachiwiri."

"Ndi mmene amachitira, bwana woweruza," anatero a Gwadani mwachisoni. "Ine ndalankhula nawo masiku atatu."

"Alibe loya?" wina anafunsa pawindo.

"Loya wake ndi chule, wachedwa," wina anayankha, asilikali n'kuyang'ana uku ndi uku osamupeza.

Ndaziona anaitanidwa. Ankadziwa kuti woweruza akangoti ndi chipongwe, pathanthwe paima iye, ndipo Kwamiphika kutha. Anakweza botolo lake la biringanya.

"Bwana woweruza, madzi awa ndawadziwa kuyambira ali m'ngalande. Ndi osamva. Mukawanyengerera pamthunzi amaumitsa khosi. Koma ndinaonapo ndi maso anga anzawo atalangidwa. Sipatha tsiku, amasintha."

Woweruza anayang'ana mfumu. Mfumu inali itatupa ndi mkwiyo, ikuyang'ana ndowa ija ngati mpongozi wakuba.

"Ndinawapatsa dzina langa," inatero. "Ayanikidwe!"

Pofika chakum'mawa kwa tsiku lotsatira malata onse anali pansi. Gulu la asilikali linazungulira maiwe kuti olakwa asathawe. A Kwamiphika analoledwa kulowa ndi mikombero yawo ya nsungwi, poti woweruza anawonjezera kuti madziwo akwapulidwenso. Dzuwa la mwezi wa Okutobala linatuluka lopanda chisoni. Ndaziona anakhala m'mbali mwa dziwe lachitatu, botolo lili m'manja, osadya kanthu. Cha m'ma leveni biringanya anasanduka wotuwa. Dzuwa lili paliwombo anali ngati tiyi wa alendo ochuluka. Pamene linkapendeka, msilikali wina anawerama, naona mabatani a yunifolomu yake m'madzimo, nafuula kuti, "Alapa! Madzi alapa!"

Mzinda wonse unathamangira kumeneko. A Nachanza anafika akupuma mwawefuwefu, nayang'ana m'dziwemo, nayang'ana mwana wawo.

"Fumbi lakoli," anatero, "likhala ngati lili ndi nzeru pang'ono."

Mfumu itamva za kulapako, misozi inalengeza. Sawombedwa Wachinayi ankakonda kutchedwa wachifundo. Madzulo omwewo wailesi inalengeza kuti mfumu, mwa kukoma mtima kwake kosayerekezeka, yakhululukira madzi, ndipo yalamula kuti abwezeredwe ulemu wawo wonse. Amisiri anakhomanso malata.

Kutacha wogulitsa tomato anasuzumira pamlatho. "Wachikasu. Lachisanu."

Kunali kutatsala masiku awiri. Ulendo uno a Gwadani ndiwo anabwera okha Kwamiphika, ambulera ili pambali, nsapato zili matope, nagogoda pachitseko cha mtanda wa laimu.

"Mayi, abwerezanso."

"Ndinadziwa, bwana. Ndi chigawenga chozolowera."

"Ndiye titani? Mfumu singasiye kukhululuka. Ndi khalidwe lake."

A Nachanza anatulutsa mutu pawindo. "Inunso musasiye kumanga. Si khalidwe lanu?"

Mmenemo ndi mmene linabadwira Bwalo la Milandu ya Madzi, limene a Chikadza akuti likugwirabe ntchito mpaka lero. Tsiku lililonse tambala akangolira kachiwiri, asilikali amatunga ndowa m'dziwe loyamba n'kupita nayo kubwalo. Woweruza amafunsa ngati ikuvomera, ndowa siyankha, chigamulo chimaperekedwa, amisiri amatsitsa malata. Madzi amayanikidwa tsiku lonse akukwapulidwa ndi nsungwi. Dzuwa likapendeka amalapa, chipata chotulutsira madziwo kumtsinje chimatsegulidwa, mfumu imakhululuka pawailesi, malata amabwerera pamwamba kuti maiwe agone mwaulemu. Kukachita mitambo, chipatacho sichitsegulidwa, ndipo amalengeza kuti olakwa achita apilo.

Pa Tsiku Loyera mfumu inatsikira pamlatho pansi pa ambulera yake ya anthu khumi ndi awiri. A Kwamiphika anaima kumbuyo kwa khamu, ena atanyamula kale mitolo pamutu, poti sudziwa. Ndaziona anagwira dzanja labuluu la amayi ake. Mpango unalowa m'madzi, unakhalamo kanthawi, unatuluka ukudontha, uli mbee.

"Taonani mtima wanga!" inatero mfumu.

"Tauona!" linayankha khamu, wina kumbuyo n'kuwonjezera chapansipansi kuti, "Wachita kuyanikidwa."

A Gwadani analandira mendulo ya Nzeru Zakuya. Ndaziona anapatsidwa udindo wa Mboni Yaikulu ya Boma pa Milandu ya Madzi, pamodzi ndi ambulera yaing'ono ya udindowo, imene a Nachanza amavundikira nayo nkhuku yofungatira. Madzulo a tsikulo mayiwo anatsuka mtanda wa laimu pachitseko, namasula miphika m'masaka, nauza mwana wawo kuti asaime ngati mlendo, mphika waukulu ukufuna madzi.

A Chikadza anathera pamenepo, nandibwezera ambulera yanga imene ndinawapatsa kuti akonze, atailumikiza nthiti ziwiri. Basi ina inabwera, ndinakwera.

Za ufawo sindikutsutsa. Ndinafunsapo mphunzitsi wina wa sayansi amene ndinakhala naye mpando umodzi popita ku Mzuzu, ndipo anati zoterozo ophunzira akuziyesadi, ufa wosaoneka ndi maso ndi dzuwa basi. Zoti ndowa inaimbidwa mlandu, ine ndaonapo milandu yopusa kuposa pamenepo. Chimene sindikhulupirira n'chimodzi. Akuti malata atsopano a boma amatsitsidwa m'mawa uliwonse, n'kugona pansi tsiku lonse pafupi ndi msika, madzulo n'kubwerera padenga onse osasowapo ngakhale limodzi. Apo pokha a Chikadza anandinamiza.